Mukadina "Connect" pa VPN, makalata anu mwapatsira ndani?

Tayang'anani pamwamba pa sikirini ya foni yanu, pafupi ndi chizindikiro cha batire. Ngati pali kakiyi kakang'ono, ndiye kuti zomwe foniyo ikutumiza pa intaneti panopa zikuyamba zadutsa kaye pa kompyuta ya munthu wina kwinakwake. Munthuyo mukumudziwa?

M'magulu athu a WhatsApp mumayenda timafayilo totchedwa config, tina tothera ndi .ehi, tina ndi .hat. "Aise, uli ndi config yogwira?" Wina aponya, gulu lonse kudawuniloda, kulowetsa mu app, kudina Connect, kakiyi n'kutulukira. Basi, chimwemwe. Wofunsa kuti m'fayilomo mwalembedwa chiyani, ndipo adalemba ndani, sapezeka.

Ine si injiniya, ndidaphunzira zofalitsa mauthenga. Koma ntchito ya utolankhani imafuna kusunga chinsinsi cha anthu omwe amatitsina khutu, choncho ndidafuna kudziwa bwino zomwe kakiyi kaja kamachita. Njira yomwe idanditsekula maso ndi kumanga ndekha chomwe akatswiri amati tunnel, pa laputopu ya Linux, polemba ma command pa sikirini yakuda ija yotchedwa terminal. Zomwe ndidatolapo n'zakuti tunnel ndi pangano chabe la makina awiri, lolembedwa m'mizere yosakwana khumi, ndipo mzere wofunika kuposa yonse ndi womwe umatchula yemwe ali kutsidya. Tiyeni tiyende limodzi muone nokha.

Envulopu mkati mwa envulopu

Chithunzi chomwe mumatumizira mnzanu sichiyenda chathunthu. Foni imachiduladula m'tizidutswa totchedwa mapaketi, ndipo paketi iliyonse ili ngati kalata ya mu envulopu: pachikuto pamalembedwa adiresi ya komwe yachokera ndi ya komwe ikupita. Maadiresi amenewa ndi aja amati IP, manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho, monga 203.0.113.10. Makina a panjira, ma rauta, amangoyang'ana pachikuto n'kuiponya kalatayo kutsogolo mpaka ifike.

Tunnel ndi kutenga envulopu yonseyo, ndi maadiresi ake omwe, n'kuilowetsa mu envulopu ina yolembedwa adiresi yatsopano. A panjira amatsata adiresi ya kunja yokha. Ikafika, mwini adiresiyo amang'amba, n'kutulutsa envulopu ya mkati, n'kuipititsa komwe imayenera kupita. Yankho limabwereranso njira yomweyo. Makolo athu ankazidziwa izi: kalata ya kwa bwenzi inkadzera kwa azakhali. A positi ankaona dzina la azakhali, koma azakhaliwo ndiwo ankadziwa komwe kalata ikuthera, masiku omwe imabwera, ndi kunenepa kwake.

Ma tunnel sadayambe chifukwa chofuna kubisala ayi. Limodzi mwa mavuto omwe amathetsa ndi la maofesi. Makompyuta a m'kati mwa ofesi amakhala ndi maadiresi a m'nyumba, aja oyamba ndi 192.168 kapena 10, omwe pa intaneti ya anthu onse sayenda. Kampani ikakhala ndi likulu ku Blantyre ndi nthambi ku Mzuzu, kompyuta ya uku singalankhule mwachindunji ndi ya uko. Ndiye mapaketi awo amavekedwa envulopu ya adiresi yodziwika kunja kuti awoloke. Njira yotchedwa GRE, yomwe idachokera ku kampani ya Cisco, idalembedwa poyera mu 1994, ndipo ina yotchedwa IPIP ili ndi malamulo ake a mu 1996. Zonse ziwiri zikugwirabe ntchito mpaka lero.

Mizere inayi, tunnel yatheka

Pa Linux, chida chomangira tunnel ndi command ya zilembo ziwiri zokha, ip. Ili m'gulu la zida lotchedwa iproute2, lomwe adaliyamba ndi Alexey Kuznetsov wa ku Russia. Tiyerekeze kuti makina a ku Blantyre ali ndi adiresi 203.0.113.10 ndipo a ku Mzuzu ali ndi 198.51.100.20. Manambalawa adapatulidwa kuti azigwira ntchito m'zitsanzo zokha, si a munthu aliyense. Ku Blantyre, muli ndi mphamvu za mwini makina zomwe amati root, mulemba motere:

ip tunnel add gre1 mode gre local 203.0.113.10 remote 198.51.100.20 ttl 255

ip addr add 10.10.10.1/30 dev gre1

ip link set gre1 up

ip route add 192.168.20.0/24 dev gre1

Musaope Chingerezicho. Mzere woyamba ukuti: boola khomo latsopano, dzina lake gre1, chilichonse cholowa pakhomoli uchiveke envulopu yochokera kwa ine, ndiye local, yopita kwa uje, ndiye remote. Ka ttl kaja kakunena kuchuluka kwa ma rauta omwe paketi ingadutse isanatayidwe, kuti yosokera isamangozungulira mpaka kalekale. Mzere wachiwiri ukupatsa khomolo adiresi yake ya mkati mwa tunnel, ndipo /30 ikutanthauza kachipinda ka anthu awiri okha, inu ndi wa kutsidya. Wachitatu ukutsekula khomo. Wachinayi ndi chikwangwani cha pamphambano: kalata iliyonse yopita ku makompyuta a ofesi ya Mzuzu idzere apa.

Ku Mzuzu nako wina ayenera kulemba mizere yomweyi motembenuza: local ikhala remote, remote ikhala local, adiresi ya mkati ikhala 10.10.10.2, ndipo chikwangwani chiloza ku makompyuta a ku Blantyre. Mbali imodzi yokha ikamanga, palibe chichitike, ngati mlatho womwe wathera pakati pa mtsinje. Zonse zikatheka mumalemba ping 10.10.10.2. Mukaona mayankho akutsika pa sikirini mzere ndi mzere, ndiye kuti Blantyre ndi Mzuzu agwirana chanza.

Pali tina tomwe timagwetsa oyamba kumene. Linux payokha sipatsira makalata a ena pokhapokha mutailola ndi sysctl -w net.ipv4.ip_forward=1. Mlonda wa pageti, yemwe amati firewall, ayenera kuuzidwa kuti alole GRE, yomwe nambala yake ndi 47. Komanso zonse zomwe mwalemba ndi ip zimafufutika makina akazima, ndiye ndi mmene magetsi amathimira kwathu kuno, muyenera kuzisunga m'fayilo yomwe makina amawerenga akamayaka. Ndipo ngati makina omwe mukukonzawo ali kutali, ganizani kawiri musanasinthe route. Mzere umodzi wolakwika, mwadzitsekera panja makiyi ali m'nyumba.

Taonani kuti m'mizere inayi ija mulibe pasiwedi, mulibe kiyi. Si kuti ndaiwala. GRE ndi IPIP sizibisa kalikonse. Envulopu yake ndi ya pulasitiki yoonekera mkati. Yemwe ali panjira, atatsekula chida chotchedwa tcpdump, amaona maadiresi a mkati bwinobwino, ndipo ngati uthengawo sudakhomedwe kale paokha, amauwerenganso. N'chifukwa chake makampani akafuna chinsinsi amaiphatikiza GRE ndi loko wotchedwa IPsec. Phunziro loyamba ndi limeneli: mawu oti tunnel satanthauza chitetezo. Ngakhale mawu oti VPN pawokha si chitsimikizo. Njira yakale ya PPTP, ya m'zaka za m'ma 1990, inkatchedwa VPN, koma loko wake adapezeka wofooka moti Apple idaichotsa m'mafoni ake mu 2016.

Chifukwa chomwe masamba ena amangozungulira

Mudaonapo izi eti: VPN yalumikiza, mauthenga a WhatsApp akulowa, koma tsamba lina likungozungulira osatseguka. Ambiri timathamangira kunena kuti netiweki yavuta. Nthawi zina vuto limakhala kukula kwa envulopu.

Pa mizere yambiri ya intaneti, paketi imodzi siyenera kuposa ma byte 1,500. Malire amenewa amatchedwa MTU. Envulopu yakunja nayo imadya malo: IPIP imadya ma byte 20, GRE imadya 24. Ndiye kalata ya mkati mwa GRE siyenera kuposa 1,476. Ikaposa, iyenera kudulidwa pawiri kapena kutayidwa. Mwadongosolo, makina omwe ataya paketi amatumiza kauthenga kwa mwini wake kuti achepetse. Koma alonda ena a pageti amatsekereza kauthengako, ndiye wotumiza amangopitiriza kutumiza zazikulu zomwe sizikufika. Timauthenga tating'ono timadutsa, koma zithunzi ndi masamba olemera zimakanirira, ngati thumba la makala pakhomo la minibasi.

Pa terminal mutha kuyeza nokha ndi ping -M do -s 1448 10.10.10.2. Apa mukutumiza paketi ya ma byte 1,448, kuphatikizapo 28 a chikuto chake kukwana 1,476, ndipo mwaletsa kuti isadulidwe panjira. Ikakana, chepetsani nambalayo mpaka idutse, kenako muuze khomo lanu malire atsopano, mwachitsanzo ip link set gre1 mtu 1400. Ma app ambiri a VPN ali ndi kabokosi ka MTU m'ma settings. Tsopano mwadziwa ntchito yake.

Nanga pa bandulo ya pafoni?

Mwina mukuti, bwanji ndisamange GRE pakati pa foni yanga ndi ya mnzanga? Sizingayende, ndipo chifukwa chake ndi kuchepa kwa maadiresi. Maadiresi a mtundu wakale wa IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, ndipo nkhokwe yaikulu ya dziko lonse idatha kugawidwa mu Febuluwale 2011. Choncho makampani ambiri a mafoni amaika makasitomala ochuluka kuseri kwa adiresi imodzi, njira yomwe amati CGNAT. Zili ngati mdadada wa nyumba za lendi wokhala ndi geti limodzi: inu mutha kutuluka n'kubwera ndi yankho, koma mlendo wochokera kunja sangadziwe chitseko choti agogode. Pageti amasiyanitsa alendi ndi manambala otchedwa port, pomwe GRE ilibe port. N'chifukwa chake ma tunnel a pafoni amakwera pa UDP kapena TCP, zomwe zili ndi ma port, ndipo foni ndi yomwe imayamba kuimbira seva ya kunja.

Apa ndi pomwe pamalowa WireGuard, yomwe adalemba Jason Donenfeld ndipo idalowa mu mtima wa Linux mu Malichi 2020, pa Linux 5.6. Idatchuka chifukwa ndi yaing'ono, mizere ya pulogalamu pafupifupi 4,000, moti akatswiri atha kuiwerenga yonse n'kuona ngati muli chibowo. Isanabwere, ambiri ankadalira OpenVPN ya James Yonan, ya mu 2001, yomwe ikadalipobe.

Pa WireGuard, mbali iliyonse imadzipangira makiyi awiri. Command ya wg genkey imatulutsa kiyi wachinsinsi, yemwe sachoka m'makina anu. Kuchokera kwa ameneyu, wg pubkey imatulutsa kiyi wapoyera, yemwe mumapatsa wa kutsidya. Kenako mumalemba kafayilo kooneka motere:

[Interface]
PrivateKey = kiyi wanu wachinsinsi
Address = 10.8.0.2/32
DNS = 10.8.0.1

[Peer]
PublicKey = kiyi wapoyera wa seva
Endpoint = 203.0.113.10:51820
AllowedIPs = 0.0.0.0/0, ::/0
PersistentKeepalive = 25

Mukalemba wg-quick up wg0, tunnel yadzuka. Mukalemba wg show, muona nthawi yomwe makina awiriwa adapatsana moni komaliza ndi kuchuluka kwa data yomwe yadutsa. Mzere womaliza uja wa 25 umauza makina anu kuti azitumiza kapaketi kopanda kanthu pa masekondi 25 aliwonse, kuti mlonda wa pageti la lendi lija asaiwale kuti mukudikira yankho.

Abale anzanga, config ndi imeneyitu. Ma app ena amalemba mosiyanako, koma mfundo zake n'zomwezi. Ndipo mwa mizere yonseyi, itatu ndi yomwe ikukhudza moyo wanu. Endpoint ndi adiresi ya azakhali. AllowedIPs ikunena makalata omwe adzere kwa azakhaliwo, ndipo 0.0.0.0/0 pamodzi ndi ::/0 zikutanthauza onse, osasiyako ngakhale imodzi. DNS ikunena yemwe foni yanu izimufunsa njira nthawi iliyonse mukalemba dzina la tsamba. Woyankha funso limenelo amadziwa masamba onse omwe mumafuna, ndipo atafuna atha kukulozerani kolakwika.

Azakhali omwe simudawaonepo

Foni ya Android mkati mwake ndi Linux yomweyi. Mukadina Connect, app imapempha foni kuti iboole khomo, kawirikawiri lotchedwa tun0, n'kuika chikwangwani choti makalata adzere pamenepo. Ndi zomwe tachita ndi manja pamwambapa, kungoti wina wakulemberani. Ulendo woyamba foni imakuchenjezani kuti app imeneyi itha kuona zomwe zikudutsa pa netiweki yanu, ndipo muvomere pokhapokha ngati mukuikhulupirira. Ndi angati timawerenga chenjezo limenelo tisanadine OK?

Kunena mwachilungamo, si zonse zomwe mwini seva angaone. Masamba ambiri lero ali ndi loko wawo wa HTTPS, ndipo mauthenga a WhatsApp akhala okhomedwa kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira kuyambira mu 2016. Zimenezo sangawerenge. Ndalama zomwe mumatumiza poimba timanambala toyamba ndi nyenyezi n'kuthera ndi hashi sizidzera pa intaneti, choncho mu tunnel sizilowamo. Koma mwini seva amaona masamba omwe mumapitako, nthawi yake, ndi kuchuluka kwa zomwe mwatsitsa. Tsamba lopanda HTTPS amaliwerenga lonse, ndipo atha kulisintha. App ikakupemphani kuti muike certificate yake m'foni, dziwani kuti ikupempha kiyi wotsekulira ngakhale za HTTPS zija. Ndipo app ya VPN yopempha kuwerenga ma SMS anu, komwe kumafikira manambala achinsinsi a kubanki, ikufuna chiyani kumeneko?

Izi si nkhambakamwa. Mu 2016, akatswiri a bungwe la kafukufuku la CSIRO la ku Australia pamodzi ndi anzawo a m'mayunivesite adaunika ma app a VPN 283 a pa Android. Adapeza kuti 18 pa 100 aliwonse sankakhoma uthenga n'komwe, 38 pa 100 adali ndi zizindikiro za mapulogalamu oipa, ndipo 66 pa 100 ankatayira panja mafunso a DNS. Facebook idagula kampani ya Onavo mu 2013, ndipo VPN yake yaulere inkathandiza Facebook kuona ma app omwe anthu akugwiritsa ntchito. Idachoka mu App Store mu 2018 ndipo idatsekedwa mu 2019. Mu 2015 zidaululika kuti Hola, VPN ina yaulere, inkagulitsa intaneti ya anthu ake kwa makasitomala ena, kutanthauza kuti zochita za mlendo zinkaoneka ngati zachokera kwa inu. Seva imalipiridwa mwezi ndi mwezi. Ngati simukulipira ndinu, wina akulipira, ndipo ali ndi chifukwa chake. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Tibwerere ku ma config a "net yaulere" aja. Chomwe amachita ndi kulemba pa envulopu yakunja dzina la tsamba lomwe kampani ya foni siilipiritsa, kapena lomwe lili mu bandulo yotchipa, pomwe kalatayo ikupita kwina. Kampani ikazindikira imatseka, n'chifukwa chake config imafa pakangotha masiku. Ndikumvetsa chomwe chimatikokera kumeneko: data ndi yodula poyerekeza ndi zomwe wachinyamata amapeza. Koma taonani zinthu ziwiri. Choyamba, ambiri mwa mafayilowa amabwera okhoma, kuti musaone adiresi ya seva. Munthu akukubisirani dzina la azakhali, inu n'kumupatsa makalata anu onse. Chachiwiri, uku ndi kuzemba kulipira, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makina a kompyuta a eni popanda chilolezo. Kudziika pafupi ndi mlandu chifukwa cha ma megabyte si nzeru.

Pomwe tunnel imathandiza, ndi pomwe imagwa mphwayi

Sindikunena kuti VPN ndi yoipa. Anzathu a m'maiko oyandikana nafe adaona phindu lake. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho ku Zambia, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zidatsekedwa, ndipo omwe adali ndi VPN adapitiriza kulankhulana. Ku Mozambique, zisankho za mu Okutobala 2024 zitadutsa, masamba a mchezo adatsekedwanso pa nthawi ya zionetsero, anthu n'kuthamangira ku VPN. Ku Uganda, boma litaika msonkho wa mashilingi 200 patsiku pa masamba a mchezo mu Julaye 2018, ambiri adauzemba ndi njira yomweyi. Chifukwa chake mwachidziwa tsopano: wotseka amayang'ana adiresi ya pachikuto, ndipo pachikuto palembedwa dzina la azakhali.

Koma tunnel imayenda pamwamba pa msewu womwe ulipo kale, simanga wake. Mu Januwale 2019 boma la Zimbabwe lidazimitsa intaneti yonse pa nthawi ya zionetsero zokwiya ndi kukwera mtengo kwa mafuta. Uganda idachita chimodzimodzi pa 13 Januwale 2021, kutatsala tsiku limodzi kuti anthu avote. Pamenepo VPN idalibe ntchito, chifukwa positi ofesi yeniyeniyo idali yotseka. Chimodzimodzi pa 12 Meyi 2024, pomwe zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zidaduka ndipo intaneti idavuta kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo kuno ku Malawi. Palibe config ikadalumikiza chingwe choduka.

Komanso boma likafuna, limatha kulimbana ndi tunnel yeniyeniyo. WireGuard imabisa za mkati, koma sibisa kuti ndi WireGuard, ndipo makina ounika mapaketi amaizindikira. Ku Tanzania, bungwe loyang'anira zamauthenga la TCRA lidalamula mu Okutobala 2023 kuti ogwiritsa ntchito VPN azikalembetsa. Mukamawoloka malire, dziwani malamulo a komwe mukupita.

Pali bodza lina lomwe liyenera kutha, loti VPN imapulumutsa data. Envulopu yachiwiri ili ndi kulemera kwake. Pa WireGuard paketi iliyonse imasenza ma byte 60 owonjezera, kapena 80 ngati ikuyenda pa IPv6, n'chifukwa chake wg-quick imakonda kuika MTU pa 1,420. Bandulo yanu ndi yomwe imalipira zimenezo. Ndipo seva ikakhala ku Frankfurt, uthenga wopita ku tsamba lomwe lili ku Lilongwe konkuno umayamba wakafika ku Germany n'kubwerera. Ngati mwapatsidwa mwayi wosankha, seva ya ku Johannesburg ili pafupi kuposa ya ku Ulaya.

Luso lomwe mungaliphunzire popanda bandulo

Mbali ina ya nkhaniyi ndi ya ntchito. Nthambi za mabanki, ma ATM, maofesi a mabungwe m'maboma, ndi anthu ogwira ntchito ali kunyumba, ambiri amalumikizana ndi malikulu awo kudzera m'ma tunnel. Tunnel ikagwa, pamzere wa kubanki mumamva kuti "netiweki palibe", ndipo pamafunika munthu wodziwa kutsekula terminal n'kufufuza. Munthu ameneyo atha kukhala inu.

Kuyamba kwake sikufuna zambiri. Laputopu yakale yomwe Windows ikuilemera imanyamula Ubuntu kapena Debian bwinobwino, ndipo zonsezi n'zaulere mwalamulo. Simufunikanso makina awiri. Linux ili ndi njira yogawa kompyuta imodzi m'zipinda zomwe chilichonse chimadziona ngati makina paokha. Lembani ip netns add blantyre, kenako ip netns add mzuzu, mulumikize zipinda ziwirizi ndi chingwe chongoyerekeza chotchedwa veth, ndipo mutha kumanga GRE, kuigwetsa ndi ip tunnel del gre1, kumanganso WireGuard, osawononga ngakhale megabyte imodzi. Tsekulani tcpdump pa chingwecho muyerekeze ziwirizi. Pa GRE muona maadiresi a mkati poyera. Pa WireGuard muona mapaketi a UDP okhala ndi zinthu zosawerengeka. Kusiyana kumeneku mukakuona ndi maso anu, palibe wotsatsa malonda adzakunamizeni. Mukasokonezeka, man ip-tunnel imakupatsani buku la malangizo pomwepo, popanda intaneti.

Omwe muli ndi foni yokha, app ya Termux imakupatsani terminal pa Android. Singamange GRE chifukwa foni sikupatsani mphamvu za root, koma mutha kuphunzirirapo ssh, chida chomwe adalemba Tatu Ylönen wa ku Finland mu 1995. Ngati muli ndi chilolezo cholowa pa seva ina, ssh -D 1080 imakupangirani kanjira kokhoma komwe browser ingadzere. Ndipo odziwa kale pang'ono mutha kusonkherana, kuchita lendi kaseva kakang'ono ka madola ochepa pamwezi, n'kuikapo WireGuard yanuyanu. Vuto la ndalama zakunja tikulidziwa tonse, koma phindu lake n'lakuti azakhali amakhala inu eni.

Si tonse tidzakhale mainjiniya, ndipo sizofunika kutero. Koma aliyense wokhala ndi foni atha kufunsa mafunso anayi asanadine Connect. Seva ili kuti, ndipo mwini wake ndani? Akupeza bwanji ndalama zoilipirira? Tunnel yake ndi ya mtundu wanji, ili ndi loko wodziwika monga WireGuard, OpenVPN kapena IPsec? Nanga fayiloyo ikutheka kutsekula n'kuwerenga? Ngati wokupatsani config sangayankhe ngakhale funso limodzi, musalowetsepo pasiwedi, musatsekulepo app ya kubanki, ndipo chabwino koposa, ichotseni. Lowani m'ma settings a foni yanu lero, pezani pomwe palembedwa VPN, muone mayina omwe mudawalola kale. Omwe simukuwakumbukira, afufuteni.